A Sikisite Akana Ndege

Pa depoti ya mabasi dzina lawo lenileni linali litaiwalika kalekale. Aliyense ankangoti a Sikisite, chifukwa pa zaka zonse zimene anagwira chiwongolero, muvi wa liwiro m'basi mwawo sunadutsepo pa sikisite. Msewu ukhale wowongoka ngati chingwe, kutsogolo kulibe ngakhale mbuzi, phazi lawo linali pomwepo basi. Madalaivala achinyamata ankawapitirira akuliza hutala ndi kuwabayibitsa pawindo, iwo n'kumangoyang'ana kutsogolo ngati sakuwaona. Masiku ena ankakawapeza anyamata omwewo patsogolo, basi itatsamira m'ngalande, apaulendo atakhalira zikwama zawo m'mbali mwa msewu. A Sikisite ankaima, n'kunyamula amene malo awapezekera, osatulutsa mawu. Panalibe chifukwa chonenera kuti kuthamanga sikufika. Nkhope yawo inkanena yokha, ndipo anyamatawo chinkawapweteka kwambiri n'chimenecho.

Chinanso chimene ankadziwika nacho chinali cha m'mawa. Asanalize injini, ankazungulira basi yonse ndi sipanala m'manja. Tayala lililonse ankaligogoda n'kutchera khutu, kenako n'kugwada kusuzumira kunsi ngati kukudontha mafuta, n'kumaliza ndi kupukuta magalasi ndi kansalu kamene kankakhala m'thumba la kumbuyo. Amakaniko a pa depoti zinkawanyansa. "Taiona kale iyi, akulu, ili bwinobwino." Yankho linali limodzi chaka ndi chaka: "Mwaiona inu, koma okagwa nayo ndine." Kwa iwo, munthu wongolowa n'kupotokola kiyi sanali dalaivala, anali wapaulendo amene wakhala pampando wolakwika.

Amene ankavutika ndi zonsezi anali kondakitala wawo, bambo wamfupi wa mawu a anthu atatu, chifukwa madandaulo onse a apaulendo ankagwera iye. "Kondakitala, tawauzani adalaivala kuti ukwati tikupitawo ndi wa chaka chino!" Iye ankapitadi kutsogolo, n'kunong'oneza a Sikisite mmene mpira wathera dzulo, n'kubwerera kukauza anthu kuti uthenga wafika. Awiriwa anakalambira m'basi imodzi. Atapuma ntchito, Kondakitala anatsegula kashopu ka misomali ndi mahinjesi, koma dzina linamukakamira. Madzulo aliwonse akatseka kashopuko ankabwera kudzakhala pakhonde pa a Sikisite, kumwa tiyi ndi kuwaputa dala.

Akazi awo amati ngakhale banja lawo linabwera ndi liwiro lomwelo. Ali mtsikana, basi inawasiya pa siteji, iwo n'kuithamangira ndi chikwama kumutu mpaka kuipeza pachitunda. A Sikisite amakana, amati anawaona pagalasi n'kuchepetsa dala, koma akazi awo amangofunsa kuti, "Kuchepetsa kuchokera pa chiyani?" Mulungu anawapatsa anyamata atatu, kenako, onse atasiya kale kuyembekezera, mtsikana. Ameneyo ankangomutcha Mzime, ndipo n'zosabisa, bambo ake mtima wonse unali pa iye. Sukulu ikatsekedwa ankakhala pampando wa kumbuyo kwa dalaivala tsiku lonse, akuwerenga mokweza zikwangwani za m'misewu. Atakula anaphunzira unamwino, n'kupeza ntchito kumzinda wina wa kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, ndipo anakwatiwa komweko. Zaka zinadutsa makolo akumuonera pakagalasi ka foni, nkhope ikumauma pakati pa nkhani netiweki ikathawa.

Loweruka lina masana foni inalira a Sikisite ali pakhonde, akulimbitsa chitseko cha kabati. Anali mkamwini wawo: Mzime wachira, mwana wamkazi. Akazi awo anakuwa mpaka aneba anatulukira pampanda kufunsa ngati kuli kwabwino. A Sikisite, munthu amene paukwati wawo womwe anavina ngati pansi pali mazira, anataya zida pansi n'kuyamba kuzungulira tebulo akugwedeza mapewa, bondo lawo lodwala litaiwalika. Adzukulu anali nawo kale kwa anyamata aja, ndipo ankawakonda, koma uyu anali mwana wa Mzime. Chimwemwe chake chinali china.

Patapita milungu ingapo Mzime anaimba yekha, khanda lili pachifuwa. "Bambo, amayi, takugulirani matikiti a ndege. Mubwere mudzamunyamule asanakule." Anyamata aja anathamangathamanga ndi za mapasipoti mpaka zonse zinatheka. A Sikisite anagula nsapato zatsopano, anakameta, ndipo mumsewu wawo munalibe munthu amene sanauzidwe, mpaka mlonda wa pasitolo amene anangowafunsa nthawi.

Koma dalaivala ndi dalaivala. Moyo wawo wonse sananyamukepo ulendo osadziwa kutalika kwake, choncho tsiku lina Mzime ataimba anamufunsa.

"Kodi mwanangu, kuchoka kuno kukafika kwanuko ndi mtunda wautali bwanji?"

"Pandege? Amati makilomita pafupifupi zikwi khumi, bambo."

A Sikisite analiza likhweru. Anawerengera chamumtima monga ankachitira pa depoti: pa sikisite, kuyenda usana wokha, unali ulendo wa milungu itatu. "Nde tigona kangati panjira? Amayi ako akonzeretu zofunda."

Mzime anaseka mpaka khanda linadzidzimuka. "Simugona paliponse, bambo. Mukanyamuka m'mawa, maola khumi ndi awiri mwafika. Siima n'komwe."

Kuti ndege imathamanga ankadziwa, sanali mbuli. Koma kumva kuti moto umawotcha n'kwina, kuuponda n'kwina. Mutu wawo unagawa wokha mtunda uja ndi maola aja, ndipo nambala imene inatuluka inawadzidzimutsa. Inali yoposa eyiti handiredi. Anagawanso poopa kuti alakwitsa, inatuluka yomweyo.

"Ayi mwanangu. Ine sindikwera."

"Bambo, mukuseka eti?"

"Munthu woyendetsa pa eyiti handiredi, tsiku lonse osaima kuti injini ipume, ameneyo si dalaivala, ndi wamisala. Ine anthu otero ndinkawatola m'ngalande."

Kumbali inayo Mzime ananena motsitsa mawu, "Chabwino bambo, ndamva." Sanakangane nawo, sanalire, ndipo zikanakhala bwino akanalira. A Sikisite anaika foni patebulo, mtima ukuwawa kwambiri.

Akazi awo sanachedwe kuika maganizo awo poyera. "Inu khalani ndi sikisite yanuyo. Ine ndikupita, olo atati malo atsala a paphiko." Anyamata aja anabwera mmodzimmodzi kudzawanyengerera, bambo awo n'kukana kwa mtu wagalu. Wamkulu anayesa kunena kuti anthu ambirimbiri amakwera ndege tsiku lililonse n'kufika bwino, iwo anati anthu ambirimbiri amasutanso fodya. Kuchipinda sutukesi inali yotsegula pabedi, ikudzaza tsiku ndi tsiku ndi timasokosi ndi tizipewa timene mayiwo ankaluka. A Sikisite akalowa kudzatenga kanthu ankanamizira kusaiona, koma maso ankawathawira okha ku timasokosito. Nsapato zatsopano zija zinali m'katoni pansi pa bedi, ndipo palibe amene ankazitchula.

Mtima sunawakhale m'malo. Poti safunsa anadya phula, m'mawa wina anavala chipewa n'kupita okha ku ofesi yogulitsa matikiti a ndege. Munali mozizira, mwa fungo la sopo, ndipo kuseri kwa tebulo kunali mtsikana wa kansalu pakhosi amene anawalandira ndi ulemu wonse.

"Mwanawe," anatero atakhala, "mulibe ndege ina yoyenda modekha? Ine sindili pachangu ayi, mwana anabadwa kale."

Mtsikanayo anamwetulira poyesa nthabwala, koma ataona nkhope yawo anabweza mano. "Agogo, ndege ikachepetsa kwambiri liwiro siikhala m'mwamba."

"Imatani?"

"Imatsika."

"Imatsika kapena imagwa?"

Mtsikanayo anayamba kulongosola mapepala amene anali olongosoka kale.

"Chabwino. Nanga ikadwala panjira, imaima pati?"

Mtsikanayo anaimirira n'kuwaonetsa mapu aakulu amene anali pakhoma. Anaika chala pamzinda wawo, n'kuchiyendetsa pang'onopang'ono kulowera kumtunda, akufotokoza kuti m'njiramo muli mabwalo ena amene ndege ingatere zitavuta. A Sikisite sankamvanso zimenezo, maso awo anali pa utoto umene chalacho chinkadutsa.

"Buluu yenseyu ndi chiyani?"

"Ndi madzi, agogo."

Anamuthokoza mwaulemu, anamuuza kuti makolo ake analera bwino, n'kutuluka ndi mantha oposa amene analowa nawo.

Madzulo ake Kondakitala atamva nkhaniyi anaseka mpaka tiyi anamutulukira m'mphuno. "Ndege yoyenda modekha! Aaa, adalaivala, bwanji simunapemphe kuti akupatseni inuyo chiwongolero? Mukanafika mwanayo akulemba mayeso!" Anasekabe yekha kwa kanthawi, kenako anazindikira kuti mnzakeyo lero sakubweza. A Sikisite anali atazolika, akutembenuza kapu m'manja.

"Ndikufuna kumunyamula mwana uja, iwe," anatero. "Ndikamuona pafoni manja amandiyabwa. Ndipo Mzime ndamupweteka, ndikudziwa. Koma ine chibadwire sindinakhalepo kumbuyo kwa dalaivala amene sindinamuone kagwiridwe kake ka ntchito. Nde lero ndikapereke mkazi wanga ndi ine ndemwe kwa munthu wothamanga chonchi, ali kuseri kwa chitseko, pansi pali madzi?"

Kondakitala anapukuta pakamwa. Zaka zonse zija m'basi zinamuphunzitsa kudziwa nthawi yoseka ndi nthawi yoleka. "Ngati vuto ndi limenelo, tiyeni tikamuone. Ine ndimakasiya misomali kwa kalipentala wina kuseri kwa bwalo la ndege. Pali malo pampanda, zonse zimaoneka ngati uli pakhonde."

Anapitadi m'mawa mwake. Anatsika minibasi, imene a Sikisite anaidandaula njira yonse, n'kudutsa kanjira ka m'udzu mpaka pampanda wa waya. Chindege chinali chitaima chapafupi ndithu, choyera mbee, anthu akuoneka ngati nyerere m'munsi mwake. Ena ankakweza zikwama, ena ankathira mafuta ndi chipaipi chachikulu. A Sikisite anagwira waya ndi manja onse n'kuyamba kupeza zifukwa. Matayala anali ochepa kwa chithupi chonsecho. Magalasi oonera kumbuyo kunalibe. Kondakitala ankangovomera, podziwa kuti munthu wamantha sasowa chonena.

Kenako pamasitepe a ndegeyo panatsika mayi wina wachikulire ndithu, wa shati yoyera, atavala kajekete kowala pamwamba. Sanathamange. Anayambira kumphuno kwa ndege, n'kuwerama kuyang'ana tayala lakutsogolo, n'kuligwira ndi dzanja. Anayenda m'mbali mwake maso ali m'mwamba, anaima pansi pa phiko, anasuzumira m'kamwa mwa injini kwa nthawi ndithu. Pa matayala akumbuyo ananyonyomala, n'kuwayendera limodzilimodzi, n'kuyang'ananso pansi ngati padonthera kanthu. A Sikisite ankamutsatira ndi maso.

Mlonda wa pabwalopo anali akubwera m'mbali mwa mpanda kudzawathamangitsa, koma ataona imvi anafewa. A Sikisite anamulozera mayi uja. "Achimwene, amene akuzungulira ndegewo ndi amakaniko?"

"Ayi bambo, amenewo nde oyendetsa ake. Amakaniko aiona kale m'mamawa."

"Aiona kale, koma iwo akuzungulirabe?"

"Amatero onse. Ulendo uliwonse, olo mvula ikugwa. Sanyamuka asanazungulire."

A Sikisite anavula chipewa. Anaima choncho, dzuwa likuwawomba padazi, mpaka mayi uja anamaliza kuzungulira n'kukweranso masitepe. Zimene anamva mumtima zinali zimene munthu amamva akakumana ndi wakwawo kudziko lachilendo. Liwiro lija linali lomwelo, madzi aja sanaphwe, koma kutsogolo kunali munthu wodziwa kuti okagwa nayo ndi iye.

Atafika kunyumba anapeza akazi awo akukanikiza sutukesi ndi bondo. A Sikisite anagwada, anatulutsa katoni ya nsapato ija pansi pa bedi, n'kuiika pabedi.

"Izi zikwana mmenemo?"

Mayiwo anayang'ana katoniyo, n'kuyang'ana amuna awo, n'kufuna kuthamangira foni. A Sikisite anawagwira dzanja. "Ayi mayi, Mzime musamuuze. Ndamukhumudwitsa kamodzi. Ndikakafooka pakhomo pa ndege n'kubwerera, asadziwe n'komwe kuti ndinafika pamenepo." Tikiti yawo inali ikadalipo, chifukwa Mzime analibe mtima woibweza.

Kwa mayi amene nkhani siigona m'kamwa mwawo, masiku otsalawo anali chilango. Mzime akaimba n'kufunsa kuti bambo adzatsala ndi ndani, mayiwo ankatsokomola, n'kunena kuti mphika ukupserera, pamene pamoto palibe chilichonse. Tsiku lina anati, "Tikafika mudzatichingamire," n'kudzidzimuka n'kuwonjezera kuti akunena iwo ndi sutukesi. A Sikisite okha ankapewa foni. Ankangoti moni mwanangu, n'kuipereka msanga, poopa kuti mawu awo awaulula.

Tsiku la ulendo ana onse anawaperekeza ku bwalo la ndege, ndipo Kondakitala anatseka kashopu kake kuti asaphonye. Potsanzikana anawagwira dzanja n'kunena mokweza kuti anthu onse amve, "Mukawauze achepetseko pamakona!" M'chipinda chodikirira a Sikisite sanakhale pansi. Anaima pagalasi lalikulu mpaka anaona ndi maso awo woyendetsa wa tsikulo, bambo wamtali woonda, akuzungulira ndege yawo n'kunyonyomala pamatayala. Atatero m'pamene anatenga chikwama n'kuuza akazi awo kuti tiyeni, ngati kuti ochedwetsa anali mayiwo.

Pakhomo pa ndege a Sikisite anaima, koma kumbuyo kunali mzere wa anthu ndipo akazi awo anawakankha pamsana ndi chala chimodzi. Anakhala pawindo, anamanga lamba, anamukoka kuti aone ngati wagwira. Ndege itayamba kuthamanga pansi, msana wawo unamatirira kumpando, nyumba zinayamba kudutsa ngati zikuthawa moto, ndipo phazi lawo lamanja linaponda pansi ndi mphamvu zonse.

"Mukuponda chiyani?" anafunsa akazi awo, amene iwonso maso anali atatseka limodzi.

"Palibe."

"Mabuleki mulibe muno, bambo."

Kenako phokoso la matayala linatha, mzinda unapendekeka n'kutsalira pansi. A Sikisite anaona depoti yawo yakale, mabasi atandandalikana ngati mabokosi a machesi, ndipo anaiwala mantha kwa kanthawi n'kuyamba kugwedeza akazi awo kuti aone.

Kutsogolo kwa mpando uliwonse kunali kakanema koonetsa kandege kakang'ono pamapu, liwiro lake ndi mtunda wotsala. Nambala ya liwiro itadutsa eyiti handiredi, a Sikisite anaiphimba ndi mpango. Koma mtsikana wothandiza apaulendo atabweretsa tiyi n'kumuika pakatebulo, anaona chinthu chimene chinawadabwitsa n'kuwapweteka pang'ono. Tiyiyo anangoti phee, osagwedezeka. M'basi mwawo, pa sikisite penipeni, munthu akayerekeza kumwa tiyi ankamwetsa malaya. Anachotsa mpango uja, anayang'ana nambala, anayang'ana tiyi, kenako anasuzumira panja. Kunalibe mbuzi, kunalibe wanjinga, kunalibe dzenje kapena kona, mitambo yokhayokha ili m'munsi.

"Mayi," anatero patapita nthawi, "msewu ngati uwu, mwina nanenso ndikanafikako sevente."

Akazi awo anaseka mpaka mzungu wa mpando wakutsogolo anacheuka.

Anthu ena atadya anakoka mabulangete n'kuyamba kuliza mkonono, ngakhale kunja kunali dzuwa. A Sikisite anakana kutseka diso. Kwa iwo chinali chipongwe kuti aliyense agone pamene munthu wina ali pachiwongolero tsiku lonse. Anaitana mtsikana wa tiyi uja. "Mwanawe, adalaivala kutsogoloku ali bwanji? Pali amene akuwachezetsa? Msewu wowongoka ndi umene umagonetsa." Mtsikanayo anawauza kuti oyendetsa alipo angapo, amalandirana, wina akatopa amakapuma. A Sikisite anagwedeza mutu mokhutira n'kumutuma kuti akawapatse moni wochokera kwa dalaivala mnzawo. Patapita kanthawi mtsikanayo anabweradi n'kunena kuti moni wafika ndipo abweza. A Sikisite anakumbukira za Kondakitala ndi uthenga wake, koma anasankha kukhulupirira.

Kuyambira pamenepo ntchito yawo inali pa nambala ya mtunda wotsala. Ikatsika ankadzutsa akazi awo kuwauza, mpaka mayiwo anawaopseza kuti asamukira mpando wina. Kandege kaja kanalowa pa buluu, iwo anasuzumira n'kuona madzi akunyezimira kutali pansi, ndipo anapemphera mwachidule, phazi lili pabuleki yawo ya pansi. Chodabwitsa n'chakuti pamene zikwi zija zinkatha, mantha ankachepa koma mtima unkagunda kwambiri. Mtunda umene kwa zaka zonsezi unali pakati pa iwo ndi mwana wawo unkadyeka iwo akuona, ndipo anayamba kulakalaka kuti nambalayo izitsika msanga. Zimenezi sanauze munthu.

Ndege inatera bwinobwino, matayala anangoti gu pang'ono. A Sikisite anawomba m'manja okha, kenako anthu ena anawatsatira. Poimirira anapeza kuti mwendo wamanja wauma chifukwa choponda mabuleki tsiku lonse, choncho anatuluka akutsimphina, akuuza akazi awo kuti ndi nsapato zatsopano. Mumzindawo munali mozizira koopsa, mphepo yake inkalowa ngakhale m'makonde a bwalo la ndege. Anadutsa kwa oona mapasipoti, anatenga masutukesi n'kuwakweza pakangolo, ndipo atayandikira chitseko chotulukira a Sikisite anauza akazi awo kuti atsogole.

Mzime anali ataima patsogolo penipeni pa anthu ochingamira, atakoleka jekete yaikulu pamkono. Pambali pake panali mwamuna wake, atanyamula khanda lokulungidwa m'bulangete. Mzime ataona amayi ake anakuwa ngati kamtsikana, anawakumbatira, n'kuyamba kuwaveka jekete ija mafunso akutuluka osadikira mayankho. "Mwayenda bwanji nokhanokha, amayi? Simunaope? Valani, kuno kukuzizira. Nanga bambo mwawasiya bwanji? Akudya koma?"

"Tawafunsa wekha," anatero amayi ake, n'kupatuka pang'ono.

A Sikisite anali ataima kumbuyo kwa kangolo ka masutukesi, chipewa chili m'manja, akunjenjemera m'kashati kawo ka kwawo kotentha. Mzime anawayang'ana kukamwa kuli yasa, n'kugwira mkono wa mwamuna wake. Anangoti "Bambo" kamodzi, motsitsa, kenako anawagwera pachifuwa n'kulira kulira kumene anakubisa pafoni tsiku lija.

"Ndabweretsa jekete imodzi yokha," ankangobwereza choncho akusisima, ngati kuti umenewo ndiwo mlandu waukulu padziko. "Ndimati simubwera. Ndabweretsa imodzi yokha."

"Nanenso ndimati sindibwera, mwanangu."

Mzime anavula jekete yake, yofiira, ya mabatani akuluakulu, n'kuwaveka bambo ake mokakamiza. Manja ake analekezera m'zigongono, ndipo kutsogolo sinatheke kumanga. Akazi awo ankaseka uku akupukuta misozi, mkamwini akuyang'ana kumbali kuti apongozi asamuone mano. A Sikisite sanaivule.

Mkamwini atawayandikira ndi khanda, iwo anakweza dzanja. "Dikirani ndikhale kaye pansi." Anapeza benchi pafupi ndi khoma, anakhala, anapukuta zikhatho pa thalauza, n'kutambasula manja. Kamwanako kanali kopepuka kuposa mmene ankaganizira, kofunda, ka mphuno ya amayi ake. Anakayang'ana nthawi yaitali anthu akudutsa ndi zikwama zawo mbali zonse.

"Ndine agogo ako, mayi," anakanong'oneza. "Ndachokera kutali."

Khandalo linayasamula, linatsegula diso limodzi, n'kugwira chala chawo. A Sikisite analira anthu onse akuona, ali m'jekete yofiira ya mwana wawo.